Notsi Imodzi Imene Inanditayitsa Malo ku Koleji

Ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ndinapumira pa ntchito ndili ndi satifiketi yomwe ija ndinayamba nayo, pamene anzanga amene ndinkawasiya kutali m'kalasi anakafika pophunzitsa ku koleji ndi poyendera masukulu. Nthawi zonse ndinkakuyankhani kuti mwayi sunandigwere. Silinali bodza lenileni, koma sichinalinso choonadi chonse. Tsopano maso ayamba chidima, ndiye ndati ndilembe mmene zinayendera mutu ukadali bwino.

1952, Nsaru

Ndinatuluka ku sukulu ya aphunzitsi ya mishoni, imene tinkangoitchula kuti koleji, ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ananditumiza ku kasukulu ka kumudzi, ulendo wa maola awiri wapansi kuchokera pa Nsaru. Katundu wanga anali sutikesi ya malata, bulangete limodzi, nsapato zimene ndinkavala Lamulungu lokha, ndi kope lodzaza ndi manotsi a nyimbo amene ndinalemba ndekha pa maphunziro a a Gwaza. A Gwazawa ndiwo ankatiphunzitsa nyimbo ku koleji. Anali munthu wamfupi, wosaseka wamba, ndipo ankayenda ndi rula yomenyera tebulo. Ine ankandikonda, ngakhale sananenepo, chifukwa ndinali woyamba m'kalasi mwathu kumvetsa zimene ankafuna. Anatiphunzitsa kuti nyimbo ili ngati nyumba ya zipinda zofanana kukula. Koyambirira kwake kumakhala manambala awiri, ina pamwamba pa inzake. Yapamwamba imanena kuti m'chipinda chilichonse tigunda kangati, yapansi imanena mtundu wa notsi imene ikuimira kugunda kumodzi. Ukaona folo pamwamba ndi folo pansi, ndiye kuti chipinda chilichonse chili ndi kugunda kunayi, osaonjeza, osachotsa. Ukaona fili pamwamba, ndi kutatu basi. Wophunzira akatalikitsa notsi ngakhale pang'ono, rula inkalira pa tebulo ndipo tonse tinkayambiranso.

Sukulu imene ndinaipeza inali tchalitchi la pamudzipo, la zidina ndi denga la udzu, mipando yake youmba ndi dothi. Mphunzitsi ndinali ndekha. Bolodi linali thabwa lopaka mwaye, ndipo choko chikatha, monga chinkathera mwezi usanafike pakati, ndinkalembera chinangwa chouma. Masileti analipo ochepa, ana ena ankalemba pansi ndi chala. Koma nyimbo sizifuna choko chambiri, ndiye pa nyimbo ndi pamene ndinaika mtima wanga wonse. Maina a Chingerezi a manotsi anawakanika anawo, ndipo anawapatsa awoawo. Notsi yoyera yopanda mchira, ya kugunda kunayi, anaitcha dzira. Yoyera ya mchira, ya kugunda kuwiri, inakhala chipande. Yakuda ya kugunda kumodzi inakhala mbululu, ndipo ya theka la kugunda, ija ya mchira wopindika, ankati mbululu yothamanga. Poyamba ndinawakalipira, kenako ndinaona kuti sakuiwalanso, ndipo ndinayamba kunena maina omwewo. Chaka chisanathe ana aja ankawomba m'manja chipinda cha folo ndi cha fili osaphonya, maso ali pa dzanja langa.

Chimene chinkandidwalitsa mutu chinali Lamulungu. Mpingo wonse unali ndi mabuku a nyimbo atatu, ndipo anthu akuluakulu ambiri, makamaka amayi, sankadziwa kuwerenga. Woyambitsa nyimbo anali a Yosofati, mkulu wa mpingo wa imvi mutu wonse, amene anagwirapo ntchito zaka zambiri m'minda ya fodya ya azungu cha ku Namitete. Maso awo anali atafooka, koma nyimbo za m'buku anali nazo pamtima, ndime ndi ndime. Kaimbidwe kake kanali kotere: mpingo ukafika pa notsi yomaliza ya mzere, unkaigwira osaisiya, ndipo uli chigwirire a Yosofati ankatchula mwachangu mawu a mzere wotsatira, anthu n'kuwatola, n'kupitiriza. Choncho chipande cha kugunda kuwiri chinkakokedwa mpaka kasanu, mwina kasanu ndi kamodzi, malinga ndi kutalika kwa mawuwo ndi mpweya wa mkuluyo. Ine ndinkakhala kutsogolo n'kumawerenga ndi chala pa bondo, ndipo mzere uliwonse chipinda chinkagumuka. Ndinkatuluka m'tchalitchi nditakwiya ngati wina wandiponda chilonda.

1953

M'chaka chimenechi ndinakwatira amayi anu, a Nabanda. Ndinayamba kuwamva ndisanawaone bwinobwino, chifukwa ku mbali ya amayi liwu lawo ndilo linkayamba kutola mawu a a Yosofati, ena n'kutsatira. Achibale awo anavomera kuti ndiwatenge tikakhale m'nyumba ya mphunzitsi m'malo moti ine ndikalowe chikamwini. Amayi anu anali asanapondeko m'kalasi. Ndinawalonjeza kuti ndidzawaphunzitsa kuwerenga, koma mphunzitsi amene watopa ndi ana a eni tsiku lonse amafika kunyumba n'kumangoti mawa, mawa. Lonjezo limenelo ndinalikwaniritsa mochedwa kwambiri, inu akuluakulu mutayamba kale sukulu, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

1954

A Gwaza anachotsedwa ku koleji n'kupatsidwa udindo woyendera masukulu a mishoni a chigawo chathu. Pasanapite nthawi anandilembera kalata. Anati akuluakulu a mishoni atopa ndi kukoka nyimbo kwa m'mipingo ya kumidzi, ndipo akufuna kuti anthu aziimba monga zalembedwera. Kudzatsegulidwa maphunziro apamwamba a chaka chimodzi, ndipo wowamaliza adzatsala ku koleji komweko kuphunzitsa nyimbo kwa aphunzitsi atsopano. Chigawo chathu chinapatsidwa malo amodzi okha. Iwo anali atatchula kale dzina langa, koma anayenera kubwera kudzamva okha Lamulungu lina ndikutsogolera mpingo wonse, osati ana okha, kuimba molondola. Kalatayo ndinaiwerenga mpaka inang'ambika m'mapindiro. Inatanthauza satifiketi yapamwamba, nyumba ya malata, ndi ntchito imene ndinkailota kuyambira tsiku limene ndinaona koyamba manambala awiri aja.

Ndinakapempha akulu a mpingo kuti kuyambira tsopano nyimbo ndiziyambitsa ine ndi ana a sukulu, ndipo kutchula mawu pakati pa mizere kuthe. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndinajambula ngakhale zipinda pansi ndi kamtengo, kuwaonetsa kuti chipande sichingakhale chachikulu kuposa dzira. Akuluwo anangovomera, poti nkhani yochokera ku mishoni sankaitsutsa. A Yosofati anamvetsera atatsamira ndodo yawo, ndipo nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Aphunzitsi, mbululu zanuzo ine sindizidziwa, ndipo sindikukana kuti mukunena zoona. Koma ndikakhala chete, amayiwa mawu adzawatenga kuti?"

Ndinawayankha kuti adzazolowera, ndipo amene akufuna kuimba aphunzire kuwerenga. Ndikukumbukira kuti ndinanena zimenezi mokweza, monga amalankhulira mnyamata amene wavala nsapato pakati pa anthu osavala. Lamulungu lotsatira a Yosofati anachoka pa malo awo a kutsogolo n'kukakhala pa mpando wa kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo sanadandaule kwa munthu aliyense.

Kunena zoona, nyimbo zinayamba kuyenda bwino. Ana a sukulu makumi atatu ankaimba chipinda ndi chipinda ngati asilikali pa perete, chipande kawiri, mbululu kamodzi, ndipo nyimbo imene kale inkatenga nthawi yophika nyemba inkatha anthu asanatope kuimirira. Abambo ochepa odziwa kuwerenga ankaunjikana pa mabuku atatu aja. Ine ndinkaima kutsogolo nkhope ili kwa ana, msana uli kwa mpingo, ndipo ndinkamva zimene ndinkafuna kumva. Panapita miyezi ndisanazindikire kuti kumbuyo kwangako anthu ankangong'ung'udza ndime yoyamba, ikafika yachiwiri n'kutseka pakamwa.

Tsiku lina masana, titaweruka ku tchalitchi, ndinapeza amayi anu akutongola chimanga pakhonde, Rute, mwana wathu woyamba, ali kumsana, akuimba pansipansi. Ndinawafunsa mwaukali chifukwa chimene amaimbira pakhonde koma m'tchalitchi amakhala ngati amwa phala lotentha, ndipo ndinati mkazi wa mphunzitsi akakhala chete amandichititsa manyazi. Sanasiye kutongola.

"A Phiri, ndiimbe chiyani? Mawu munawatsekera m'buku. Kale ndinkawamva kwa a Yosofati, ndipo ndinali nayo nthawi yowatola. Tsopano ndikamati nditsegule pakamwa, inu ndi ana anu mwafika kale kutsidya."

Ndinayamba kufotokoza za kugunda kuwiri, koma anandidula mwaulemu, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anati paja pamene ine ndimati pawonongeka ndi pamene iwo ankalandirira mawu, ndipo kuyambira pamene ndinapachotsa amapita ku tchalitchi kukaonerera ena akupemphera. Anatinso amayi ena okalamba asiya kubwera, akuti miyendo ikuwawa, koma kumunda akupita. Ndinalowa m'nyumba. Mtima unandipweteka, ndipo choyamba chimene ndinamva sichinali chisoni koma mkwiyo, poti ndinadziwa kuti akunena zoona ndipo zoonazo zaima pa njira yanga ya ku koleji.

1955

Ndinayesa njira yapakati. Ndinaitana amayi kuti Lachinayi lililonse ndiziwaphunzitsa mawu a nyimbo pamtima. Anabwera milungu iwiri, koma inali nthawi yothyola ndi kusoka fodya, ndipo munthu sangasiye fodya pa chigafa kuti akaloweze ndime zisanu ndi imodzi. Tinakwanitsa nyimbo zinayi zokha. Ndinadzitonthoza kuti mwina a Gwaza adzandilola kusankha ndekha, ndipo akadzapita ndidzaona chochita. Sindinaganize mozama kuti ntchito imene ndinkaithamangirayo inali yokaphunzitsa aphunzitsi ena kuchita m'midzi yawo zimene ine ndinachita m'mudzi uno.

A Gwaza anafika pa njinga Loweruka, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anayendera kalasi, anamva ana akuwomba m'manja chipinda cha folo, cha fili, ngakhale cha sikisi pamwamba ndi eyiti pansi chimene ndinawaphunzitsa mongodzionetsera, ndipo ndinawaona akugwedeza mutu. Mmawa wa Lamulungu, tili pakhomo la tchalitchi, anatsegula buku n'kundilozera nyimbo imene anasankha. Inali ya folo-folo, ya ndime zisanu, yosavuta konse, mzere uliwonse wothera pa chipande. Siinali mwa zinayi zija. Anatinso nditembenuke, ndiyang'ane mpingo, chifukwa ndi mpingo umene anabwera kudzaumva.

Kanali koyamba m'miyezi yambiri kuti ndiime nkhope ili kwa anthu. Tchalitchi linadzaza chifukwa cha mlendo. Ndinapereka liwu, ndinakweza dzanja, ndipo tinayamba. Ndime yoyamba inayenda monga zalembedwera, poti ambiri ankaidziwako. Titalowa yachiwiri ndinaona chimene ndinakhala ndikuchipatsa msana. Mbali yonse ya amayi inazima. Anaima ndithu mwaulemu, manja ali pamimba, maso ali pa ine, milomo yotseka. Amayi anu anali pa mzere wachitatu, akugwedeza mwana kumsana motsatira dzanja langa, osaphonya ngakhale kugunda kumodzi, koma opanda mawu. A Yosofati anali pafupi ndi khomo, milomo yawo ikuyenda popanda liwu, chifukwa mawu onse anali nawo. A Gwaza anakhala pambali pa gome, chala chikugunda pa buku, nkhope yokhutira. Ndinangotsala ndi ndime zitatu ndi theka kuti ndipite ku koleji.

Titafika pa chipande chomaliza mzere wachiwiri, ndinagunda kamodzi, kawiri, ndipo dzanja silinatsike. Sindinganame kuti ndinali nditakonzekera. Ana anali ataphunzira kumvera dzanja, ndiye anaigwira notsiyo, katatu, kanayi, kasanu, akundiyang'ana modabwa. Palibe chinachitika. A Yosofati anaganiza kuti ndasokonezeka. Ndinatsitsa dzanja, tinaimba mzere wotsatira, ndipo ndinadziwa kuti pamenepo ndikhoza kubwerera, a Gwaza n'kuchiyesa cholakwa chimodzi cha mantha. Koma pothera mzerewo ndinaimikanso dzanja m'mwamba, ndipo ulendo uno ndinayang'anitsitsa mkuluyo mpaka anthu anatembenuka kuona chimene ndikuyang'ana. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira ndodo, anakonza kukhosi, ndipo anatchula mawu a mzere wotsatira ndi liwu losasa la munthu amene wakhala chete nthawi yaitali. Woyamba kuwatola anali amayi anu. Kenako mbali yonse ija inalowa, ndipo udzu wa denga unachita ngati ukugwedezeka. Tinamaliza ndime zonse motero, chipande chilichonse chikukokedwa mpaka mkuluyo atamaliza kunena. Chala cha a Gwaza chinali chitasiya kugunda.

Titaweruka a Gwaza anandiitanira kuseri kwa tchalitchi, pamene anaimika njinga yawo. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anandifunsa monga ankafunsira m'kalasi.

"Iwe Phiri, notsi ija ndi ya kugunda kungati?"

"Kuwiri, bambo."

"Nanga iwe unaipatsa kungati?"

"Kusanu ndi kumodzi. Pena kusanu ndi kuwiri."

"Unasokonezeka kodi? Ukandiuza kuti unasokonezeka, ndidzabweranso mwezi wa mawa."

Anandipatsa khomo lotulukira, ndipo ndikhulupirira kuti ankafunitsitsa kuti ndidutsepo. Koma ndinawauza kuti sindinasokonezeke, ndipo akabweranso adzamva zomwezo, chifukwa sindingathenso kuimiritsa anthu m'nyumba ya Mulungu kuti azionerera ana akuimba. Ndinati mabuku akadzakwanira ndipo anthu akadzadziwa kuwerenga, chipande chidzabwerera pa kugunda kuwiri chokha popanda wochikakamiza. Iwo anamanga chikwama chawo pa njinga mosafulumira. Anati kuimba kumene anamva kunawakumbutsa mayi awo, ndipo sakunena kuti ndachimwa. Koma ntchito ya ku koleji ndi yokathetsa chinthu chimene ine ndachibwezeretsa pamaso pawo, ndipo iwo sangalembe zimene sanaone. Anandigwira dzanja, chimene anali asanachitepo, n'kukwera njinga.

1956, Kabudula

Malo aja anapita kwa mnzanga wina wa ku Mpingu, munthu wabwino amene ndinkamuthandiza kuwerenga manotsi ku koleji, ndipo anagwira ntchitoyo mokhulupirika mpaka anapuma. Ine ndinalandira kalata yondisamutsira ku sukulu ina cha ku Kabudula, kumene kunalibe ngakhale thabwa lopaka mwaye. Sindikudziwa ngati chinali chilango kapena kusamutsa wamba, ndipo sindinafunse. Tinakweza katundu pa ngolo, a Yosofati anatiperekeza mpaka pa dambo, ndipo sindinawaonenso, poti anamwalira mvula yotsatira. Maphunziro aja sanandiitanenso. Ndinapitiriza kuphunzitsa ana dzira, chipande ndi mbululu molondola ndithu, m'sukulu zina zinayi, chifukwa mwana ayenera kudziwa chimene chalembedwa asanasankhe pochitalikitsa.

Musaganize kuti ndinayenda wokondwa ngati munthu wopambana. Zinandiwawa zaka zambiri. Ndikaona denga likudontha pa mphasa zanu, kapena ndikakumana ndi mnzanga uja atavala jekete pa msonkhano wa aphunzitsi, ndinkadzifunsa ngati sindinakulandeni inu kuti ndipatse ena. Yankho lokhazikika ndilibe mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti nditaimanso pamalo paja, dzanja lingakanenso kutsika.

Amayi anu anandifunsa kamodzi kokha, tili pa ngolo paja, chifukwa chimene sitikupitira ku koleji monga ndinkawauzira. Ndinaona kuti akadziwa adzadziimba mlandu moyo wawo wonse chifukwa cha mawu aja a pakhonde, ndipo mwina sadzaimbanso momasuka. Ndinawauza kuti malo anadzaza. Anati pepani a Phiri, mwina chaka cha mawa, ndipo anakonza nsalu ya mwana kumsana. Anakhulupirira zimenezo zaka makumi anayi, mpaka tsiku limene tinakawaika m'manda. Inu ndinu oyamba kumva.